Dzina la Tofazzal Linali Kumchira

Inu amene thukuta lanu likudyedwa ndi ena, imvani za Tofazzal Mondol wa kwathu kuno ku Kushtia.

Makaseti atatha ntchito, nayenso Tofazzal anathera pomwepo. Munthu amene anapeka nyimbo zoposa zana anayamba kupalasa njinga yonyamula anthu ali ndi zaka 57. Tsiku lina foni ya munthu amene anamunyamula inayamba kuimba nyimbo yake.

"Achimwene, anapeka nyimboyi ndani?" anafunsa uku akupalasa.

"Palibe, amalume, ndi yamakolo. Inu palasani, ndachedwa."

Zinamuwawa kwambiri, koma anamufikitsa.

Kwathu kuno wopeka nyimbo sasaina pepala. Amadzitchula dzina m'ndime yomaliza, umboni wake n'kukhala womwewo. Koma anthu omvera pafoni alibe nthawi. Kampani ina poika nyimbo zake pa intaneti inazidula kuti zifupike, ndime yomaliza n'kuitaya, n'kulemba kuti n'zamakolo. Anthu ankamvera miyandamiyanda, koma mwini wake osalandira ngakhale taka imodzi, ndalama yathu ya kuno.

Anapita ku Dhaka, likulu la dziko lathu, ku ofesi yoona za malipiro a opeka nyimbo. Anamuuza kuti abweretse umboni. Analibe, chifukwa makaseti ake anapita kalekale ndi madzi osefukira. Anabwerera kunyumba atafooka.

Mkazi wake Rokeya si munthu wonyengerera. "Bambo a Shefali, dzina munalibisa nokha kumchira ngati ndi lakuba. Ndiye mungokhala? Kodi amene munkawaphunzitsa nyimbozi anafa onse?"

Anali asanafe. Lachisanu lililonse Tofazzal ankasiya njinga n'kukwera basi yopita kumidzi, foni yobwereka ili m'thumba, kuti akajambule oimba akale akuimba nyimbo zake mpaka pomwe pali dzina. Ena anali ataiwala. Ena anakana poopa kukokeredwa m'milandu. Iye sanasiye, ndipo anayenda choncho zaka ziwiri.

Pamudzi wina anapeza mayi Ambia, amene ankaimba m'zikondwerero iye akali mnyamata.

"Iwe Tofazzal, wakalamba moipa bwanji! Khala apo," anatero mayiwo. Anaimba nyimbo zisanu ndi ziwiri osadumpha ndime. Kenako anavundukula chitini cha mpunga n'kutulutsa makaseti anayi a nyimbo za Tofazzal okulungidwa m'nsalu. "Tenga. Ine nyimbo sindidula. Mwini wake ndimamudziwa, ngakhale ali wopusa."

Ofesi ija inavomereza nyimbo 34 kuti ndi zake. Zinazo zinapita, ndipo ine mpaka lero zimandinyansa. Ndalama zake sizochititsa kaso, poti munthu mmodzi akamvera nyimbo pamagwa kandalama kakang'ono zedi. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Chaka chisanathe, njinga anaigulitsa n'kuyambanso kupeka.

Nyimbo yake yatsopano itatuluka, anzake akale anadabwa kumva dzina lake pamzere woyamba penipeni.

"Mwambo wauponyera kuti?" anamufunsa mmodzi. "Wopeka amadzichepetsa, amabwera pomaliza."

Tofazzal anayankha modekha. "Achimwene, ndabwera pomaliza zaka makumi atatu. Nthawi zonse ndimapeza mbale atatsuka kale."

Inunso, ngati ntchito ya manja anu ikuyenda ndi dzina la wina, musangodandaulira pakhonde. Dzukani, kafuneni amene akukumbukira kuti ndi yanu. Mtima musautaye, ndipo dzina lanu musalibise.