Thovu pa Dzanja la Amai Daka

Amai Febby Daka a ku Nyalugwe anali munthu wamantha, tisabise. Ankaopa agalu, ankaopa mphezi, ankaopa anyamata a chipani ofunsa makadi pamsika wa Nyimba. Koma chimene ankaopa koposa chinali khunyu. Anakula akumva kuti wakhunyu akagwa uzithawa, chifukwa ukakhudza thovu la pakamwa pake watenga matendawo, ndipo ukapatsila ana ako.

Nchito yao inali yochapa nsalu za odwala pachipatala cha mishoni, pomwe atsikana ankaphunzilanso unesi. Mmodzi wa atsikanawo, Mildred, anali ndi khunyu. Asisitele ophunzitsa anamulandila, nauza anchito onse kuti matendawa sapatsilana. Amai Daka anagwedeza mutu kuvomela, koma kapu yao anayamba kuibisa.

Tsiku lina m'mawa Mildred anabweletsa nsalu kochapila. Madzi anali kuwila mumgolo, moto uli lawilawi. Mtsikanayo anangoima njii, kenaka khu pansi, mkono uli m'mphepete mwa moto. Ochapa anzao anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Amai Daka nawo anafuna kuthawa. Koma atamva fungo la yunifomu ikupsa, anamugwila m'khwapa namukoka. Thovu linawagwela padzanja, lofunda.

Asisitele anafika akuthamanga, nathokoza kwambili. Amai Daka sanamve n'komwe. Mtima unali kunyumba, kumene anasiya mwana woyamwa, Vitalis.

Anakwecha dzanjalo ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga, mpaka khungu kusupuka. Atafika kwao anakhala pachitsa, patali ndi khomo. Amuna ao, a Stanislaus, anatuluka ndi mwana akulila.

"Amake Vitalis, mwana wafa ndi njala."

"Musayandikile naye, abambo. Ndagwila thovu la wakhunyu."

A Stanislaus anabwelela m'mbuyo. Anayesa kumupatsa phala, mwana analavula. Analila mpaka mau kusasa, uku mkaka wa amake ukunyowetsa bulauzi. Amai Daka anaopa matenda, anaopanso njala ya mwanayo, osadziwa choyamba kuopa. Dzuwa litapendeka, kulila kunayamba kufooka, ndipo m'pamene amake anatambasula manja. Anamuyamwitsa, maso ali pa maso a mwana. Kamwendo kakangogwedezeka, mtima wao uli phaa.

Anamuyang'anila choncho miyezi yambili. Vitalis sanagwe, iwonso sanagwe. Musaganize kuti mantha anatha, ayi ndithu. Ankati kapena matendawo angobisala.

Mildred atachila mkono anayambanso kubweletsa nsalu, koma ankaziika patali, mutu uli pansi, ochapa onse atafulatila. Tsiku lina Amai Daka anapita kukazilandila m'manja mwake. Kenaka anatembenukila anzao aja.

"Mwanayu akadzagwanso, inu thawani, palibe kanthu. Koma muziitana ine. Ine ndinagwila kale."