Tsiku Limene Ndinafera Pamlatho

Mlongo wanga anabwera ndi foni ataitsina ndi zala ziwiri ngati mbewa yowola. Amene anaitumiza ndi mwamuna wake wa ku Joni, koma amene anaiphangira ndi mwana wawo wa sitandade sikisi, yemwe sankamvanso za munthu chifukwa cha gemu yowomberana.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu," anatero. "Onani ngati zimenezi n'zoyenera ana. Mukati ayi, tifufuta."

Ine mawu akuti mwini mbumba amandikomera kwabasi. Ndinakhosomola kaye, n'kunena kuti sindingaletse chinthu ndisanachione ndi maso anga.

Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno ku Dedza kukulowa mpaka m'mafupa. Mlongo wanga anatsikira kudimba kukathirira mbatatesi, ine n'kukhala pakhonde kuwothera dzuwa. Mnyamatayo anaima kumbuyo kwanga pamodzi ndi kamlongo kake koyambira sukulu.

Gemuyo siyembekeza munthu. Kamunthu kako kamathamanga, kulumpha mipanda, adani akutulukira uku ndi uku. Zala zangazi zinazolowera khasu. Ndikati ndilumphe, ndinkakagunda khoma. Ndisanaipeze n'komwe mfuti, foni yonse inafiira.

"Mwafa, amalume," anatero mnyamatayo mwaulemu. "Yambaninso."

Ndinayambanso. Zoti ndabwera kudzaweruza ndinaiwaliratu. Tiyi anazizira, khosi linauma, koma ine ndinalumbira kuti chidole cha ana sichingandigonjetse. Nditavutika zedi ndinafika pamlatho wina wa m'gemumo, ndipo wina anandiwombera kumsana.

"Mayo ine, ndafa!"

Kamtsikana kaja kanaseka, n'kuliyatsa liwiro kukawauza mayi ake, kakufuula njira yonse: "Amalume afa! Afera pamlatho!"

Tsoka lake, mlatho tili nawodi m'mudzi mwathu, wa mitengo yoterera, ndipo aliyense amadziwa kuti ndimawoloka pamenepo. Amayi amene anali pamjigo anatula zidebe.

Kulirako ndinakumva kukuyandikira. Ndinadzifunsa kuti watisiya ndaninso, koma foni sindinaitule. Woyamba kufika anali mlongo wanga, wopanda mpango kumutu, matope mpaka m'mawondo. Pambuyo pake panali amayi a kumphakati ndi azibambo atagwira zipewa m'manja. Anampeza malemuyo ali pakhonde, lilime panja, zala zikudina.

Ena anaseka mpaka kugwira nthiti. Mlongo wanga sanaseke. Anakhala pansi pafumbi, ndipo kulira kunakana kuleka. Manyazi ndinachita, koma chimene chinandiwawa kwambiri n'kumuona akundilira chonchi chifukwa cha masewera.

Poti anthu anali atasonkhana kale, ndinaweruza pomwepo. Ndinakonza jekete, n'kunena ndi mawu onenepa kuti mfutizo sizikundiopsa kwenikweni, koma gemu yophunzitsa mwana kunena kuti munthu wafa uku akuseka isapezekenso pakhomo pano. Azibambo anagwedeza mitu. Ndinadzimva kuti ulemu wanga ukubwerera pang'onopang'ono.

Anthu atabalalika, mnyamata uja anafufuta gemuyo yekha, ine ndikuona. Sanalire. Kenako ananyonyomala pafupi nane, manja atawapinda monga tinamuphunzitsira.

"Amalume, ndifunse nawo. Mukanawoloka pamlatho paja, mukanaletsabe?"