Chilimwe Chimene Anaweruza Amalume

Tebulo loyamba kuliona m'moyo mwanga linabwera litasenzedwa ndi amuna awiri, miyendo ili m'mwamba ngati mbuzi yakufa. Analitula pansi pa mtengo wa mtondo kwa mfumu Tengani, nalipukuta ndi nsanza. Ndinali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zitatu, ndipo ndinkayesa kuti ndi pogona azungu.

Chinali chilimwe choyamba chithawireni kwathu ku Chipwitikizi. Kumeneko anthu anatopa ndi kugwidwa kukalima msewu, ntchito imene inapha abambo, mpaka anatola mfuti zagogodera n'kuukira. Amalume anapita nawo. Oukirawo atagonja, asipayi, asilikali akuda a Apwitikizi, anayamba kutentha midzi. Wathu anautentha dzuwa lili paliwombo. Mmodzi wa iwo, woduka khutu, anakwatula mlongo wanga wakhanda kumsana kwa amayi, namponya m'nkhokwe yoyaka. Fungo la mapira opserera sindilifuna mpaka lero.

Tinathawira m'dziko la Angerezi, tikudya nyika, timizu tokumba m'dambo. Amalume anatipeza patatha mwezi, ataonda ngati bango. Sankalankhula zambiri. Ankaluka miono, ndipo nsomba yaikulu ankandipatsa ine.

Tsiku la tebulo lija panakhala azungu awiri, Mngerezi wa ku boma ndi Mpwitikizi wa ndevu zonunkhira mafuta. Masiku amenewo anali paubwenzi, akumenyana ndi Jeremani limodzi. Womasulira anali aphunzitsi a pasukulu ya mishoni, atavala jekete pakutentha konseko. Kumbuyo kwa Mpwitikizi kunaima msipayi woduka khutu uja, atavala malaya atsopano. Amayi atamuona anandifinya dzanja mpaka zikhadabo zinalowa.

Mlandu unali woti amalume ndi anzawo anatsekera m'nyumba banja la munthu wina amene anakana kulowa nawo nkhondo, n'kuiyatsa, ana ali momwemo. Panabwera mayi amene anapulumuka yekha. Anavundukula mkono, khungu lake lokwinyika ngati chikopa choumira padzuwa, ndipo sanalire n'komwe.

Ndakalamba, sindinganame: amalume anachitadi zimenezo. Manja omwe ankandichotsera minga ya nsomba ndi omwe anamanga chitsekocho. Mayi uja anayenera kumvedwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti chilungamo chake anamubweretsera ndi anthu amene ankangofuna mutu wa woukira.

Dzulo lake aphunzitsi anali atalangiza amayi anga. “Mayi, mukanena zoona, nawonso adzamva zanu. Azungu salola bodza pabwalo.” Ndikhulupirira kuti iwonso ankaganiza choncho.

Tsono amayi ataitanidwa anagwada m'fumbi.

“Akufunsa ngati mlongo wanu anakuuzanipo za nyumba imeneyi,” anatero aphunzitsi.

“Anandiuza.”

Mngerezi analemba. Cholembera chake chinkamveka ngati khoswe m'denga.

Kenaka amayi anaimirira osauzidwa, naloza. “Aphunzitsi, auzeninso kuti uyo waima apoyo anawotcha mwana wanga. Mwana woyamwa. Mboni ndi uyu.” Anandikankhira kutsogolo.

Aphunzitsi anamasulira. Mawu a amayi anali ambiri, koma m'Chingerezi anatha msanga. Mpwitikizi atamva anapukuta ndevu. Msipayi anandiyang'ana n'kumwetulira, monga amachitira munthu akakumana ndi mwana wa mnansi. Mngerezi sanalembe kanthu. Ananena mawu ochepa akuyang'ana pepala.

“Akuti umenewo ndi mlandu wa tsiku lina,” anatero aphunzitsi, maso ali pansi.

Amalume anaperekedwa kwa Apwitikizi dzuwa lisanapendeke. Amene anawamanga ndi msipayi yemwe uja, ndipo anakoka chingwe mpaka zigongono zinakumana kumsana. Podutsa pamene tinaima, amalume anati, “Mlongo, wanena zoona. Koma wauza ndani?” Atangokhota kuseri kwa migwalangwa tinamva kulira kwa mbalamatodya, chithabwa chomenyera m'manja, ndi mawu amene sindinakhulupirire kuti ndi a munthu wamkulu. Mngerezi anali akumwa tiyi. Sitinawaonenso amalume, ngakhale manda awo.

Othawa anzathu anasiya kutipatsa moni. Ankati amayi agulitsa mlongo wawo. Kuchitsime ankatsuka ndowa tikaikhudza. Aphunzitsi ankatilambalala, mpaka anapempha kusamukira kwina.

Ine ndinali ndi chimwemwe changa chobisa. Mzungu anati tsiku lina, ndipo ine ndinali mboni. Ndinkapita kudambo kukayeserera mawu anga pamaso pa akakowa, kuti ndisadzachite chibwibwi. M'mawa uliwonse ndinkasamba m'maso bwinobwino, n'kumanga kansalu kanga, n'kufunsa, “Amayi, ndi lero?”

Ankangopitiriza kusinja. Ndinafunsa mpaka mvula yoyamba inagwa. Tsiku limenelo anandimenya mbama imene inandigwetsera pamtondo wosinjira, kenaka anakhala pansi n'kundikumbatira. Ine ndinkangoganiza kuti akwiya chifukwa tachedwa, ndipo azungu aweruza ife kulibe.