Galasi la ukwati limene adona anachotsa

Ine ndine amene ndinabweretsa chikondi cha ku Ulaya kunsi kwa phiri la Mulanje. Kunena mosabisa, ndinkangonyamula bokosi lake.

Atandichotsa sukulu ya uphunzitsi ku mishoni, poti ine ndi masamu sitinkamwerana madzi, ndinalembedwa ntchito ku esiteti ya tiyi. Adona, akazi a bwana, anali ndi nyali yoonetsa zithunzi za pagalasi pansalu yoyera. Loweruka lililonse dzuwa likalowa ankaonetsa magalasi angapo m'shedi, nkhani ya namwali ndi msilikali, ine ndikumasulira.

Anthu anaikonda nkhaniyo. Amayi ankathyola tiyi sabata yonse akukangana ngati msilikaliyo ndi wokwatira kapena wongodutsa. Pakati pawo panali mtsikana wa ku Muloza amene ndinkamufuna, ndipo ankabwera ndi amalume ake, eni mbumba. Ndinkamasulira mokometsera kuti akuluwo aone mkamwini wophunzira.

Koma adona anali opemphera. Galasi lililonse loonetsa awiriwo atagwirana ankalichotsa. Anachotsanso la ukwati, poti pamenepo ankapsompsonana. Ndiye Loweruka lina msilikali akupereka moni, chipewa chili m'manja. Loweruka lotsatira namwali wanyamula khanda.

Amalume a mtsikana uja anaimirira.

"Aphunzitsi," anatero amalume aja, amene ankanditchula choncho akafuna kundichepetsa, "mwanayu wadzera kuti?"

"Kwawoko zimafulumira, bambo."

"Ankhoswe tinawaona?"

"Anali kuseri kwa nsaluyi."

"Nanga munda wa apongozi analima?"

"Ndi msilikali, bambo. Amalima ndi mfuti."

Palibe anaseka. Mayi wina kumbuyo anati, "Galasilo wameza yemweyu, tamugwedezani limveke."

Lolemba ndinapempha adona kuti abweze la ukwati lokhalo. Anati si zoonetsa antchito.

Ndinatumabe nkhoswe wanga ku Muloza. Yankho linali lalifupi: munthu wofotokoza mimba yapathengo mwaulemu chotero, osachita ngakhale chibwibwi, sangapatsidwe malo omanga nyumba pamudzi pawo. Mtsikanayo anakwatiwa ndi kapitawo, munthu amene sanamasulirepo kanthu chibadwire. Loweruka ankakhala kutsogolo onse awiri, ine ndikuwafotokozera za chikondi mpaka nyaliyo inatha ntchito.

Anthu amati ndinataya zambiri. Iyayi. Nkhoswe uja anakana kuyenda pakhosi pouma, ndipo mowa wake ndinalipira tiki yokha, makobiri atatu.