Mwezi wa pa Mtanda

Akulu oyandikana nafe kuno ku Vila Cabral sakhulupirira chinthu chimene sanachigwire okha. Mchere wa kukantina amayamba aulawa asanagule, ndipo moni amayankha akukuyang'ana m'manja.

Akazi awo adamwalira pa 3 Sepitembala 1958. Mmisiri atazokota 3-IX-1958 pamtanda wa pamanda awo, akuluwo adakwinya nkhope naitana katekisita.

"A Gregório, mwezi uli pati apa?"

Katekisitayo adafotokoza kuti X ndi khumi, ndipo I akakhala kumanja kwake amawonjezera chimodzi, koma akakhala kumanzere amachotsa.

"Ndiye mayiwa mwawapatsa miyezi khumi n'kuwalanda umodzi? Mawa wina adzachotsaponso!"

Adasolola mpeni nazokota timizere tisanu ndi tinayi pansi pa IX uja, akuwerenga mokweza.

"Tsopano achotse ndione."