Chiwongolero cha adadi chasowa ku galaja

Abale, khalani kaye pansi mumve izi.

Ndili pa galaja ku Ginnery Corner, pomwe amalume anasiya kagalimoto kofiira ka malemu adadi, ka zitseko ziwiri kaja, kuti asamutse chiwongolero kuchoka kumanzere kupita kumanja.

Chili kumanjadi, koma si chake! Chamtengo chija, chomwe adadi ankachipukuta ndi mpango Sande iliyonse, palibe. Amangapo cha minibasi, chokulunga ndi mphira.

Makaniko akuti, "Aise, chinathyoka pochotsa." Ndati ndione zidutswa zake, akuti anataya. Nanga bwanji akuyankha osandiyang'ana, uku akukankhira thumba kunsi kwa benchi ndi phazi?

Amalume sakuyankha foni, ndipo pano atseka faifi koloko. Mukanakhala inu mukanatani, nditsegule thumbalo pamaso pawo kapena ndidikire?