Ndime Yomwe Wailesi Inatafuna

Tsiku limene a Telala anachita manyazi pamaso pa anthu odzaza holo, anali atavala jekete yawo ya mabatani achitsulo. Oimba atafika pakati pa nyimbo anatsitsa zing'wenyeng'wenye, anthu onse ali zii. Apo a Telala anadzambatuka n'kukuwa kolasi ndi mawu awo onse, okhaokha. Makosi anatembenuka. Wagitala anaseka mpaka kuphonya nsambo. Akazi awo anawakoka jekete kuti akhale pansi, batani limodzi n'kuthothoka.

Bambowa amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, makina awo opalasa ndi mwendo atalozetsa kumsewu kuti wodutsa aliyense asawaphonye. Pashelefu pali wailesi yakale ya makaseti, kachitseko kake komanga ndi mphira. Kwa zaka makumi atatu yakhala ikuimba kaseti imodzi, ya gulu lomwe anthu ankalitcha Azipewa, limene linatha kalekale woimba wake wamkulu atamwalira. A Telala sanawaonepo ndi maso, koma akayamba kufotokoza ungati ankadyera nawo mbale imodzi. Wobweretsa thalauza loti apinde amachoka atadziwa ndi dzina la agogo a woimba ng'oma.

A Telala atamva kuti kwabwera anyamata oimba nyimbo za Azipewa, ovala zipewa zomwezo, anakwiya ngati wina wadulira pepala ndi sizasi yawo ya nsalu.

"Zigamba zimenezo," anauza a Neba, mayi ogulitsa sopo ndi machesi khomo loyandikana. "Loweruka masana ndikupita ndi pensulo. Ndikabwera ndi zolakwa zawo zodzaza pepala."

"Mukatengenso mpango," anatero a Neba.

"Wa chiyani?"

"Wa thukuta. Kugwira anzanu zolakwa n'kotopetsa."

M'holo muja, pa nyimbo yoyamba analembadi: kolala ya woimba yapendekeka. Pa yachiwiri mwendo unayamba kupalasa wokha ngati uli pa makina. Pa yachitatu pensulo inagwa ndipo sanaitole. Kugunda kwa ng'oma kunkadzera m'miyendo ya mpando n'kufika m'chifuwa, chinthu chomwe kawailesi kawo kanali kasanachitepo.

Kenaka inabwera nyimbo yawo yapamtima, yomaliza pa kaseti, yomwe nyumba zoulutsira mawu sizinaikondepo. Pa kaseti yawo, ndime yachiwiri ikatha pamamveka kaphokoso kakuti "kwa", kolasi n'kuyamba. A Telala ankauza makasitomala kuti "kwa" ameneyo ndi luso la woimba ng'oma, ena sangalithe. N'chifukwa chake ndime yachiwiri itangotha anadzambatuka.

Koma mnyamata wa kolala yopendekeka uja anapitiriza chapansipansi ndime yomwe iwo anali asanaimvepo: "Maso ako akadzatopa, ndidzakulowetsera ulusi m'singano."

"Awonjezera zawo," ananong'ona a Telala, akufufuza pensulo ndi phazi. Koma achikulire onse owazungulira ankaimba nawo, ena atatsinzina.

"Sanawonjezere, bambo," anatero akazi awo, maso ali kutsogolo. "Ndinachotsa ndine. Tsiku munagula kaseti lija munaisiya patebulo n'kupita kuntchito. Ndinati ndiyambe kumva, wailesi n'kuitafuna. Ndinadula ndi sizasi yanu, n'kulumikiza."

"Nanga 'kwa' uja?"

"Ndi utoto wanga wa m'zikhadabo. Ndinali ndi mwezi umodzi pabanja, ndinkakuopani."

A Telala anatembenukira kwa akazi awo. Maso awo anagwera pa manja a mayiwa. Ndi manja omwe, chaka chachisanu tsopano, amalowetsa ulusi m'singano zisanu m'mawa uliwonse n'kuzibaya pa kapilo, kuti makasitomala asadziwe kuti a Telala sakuonanso kabowo. Mnyamata uja anabwereza ndimeyo. Misozi inatsika mpaka pamene panali batani. A Neba, omwe anakhala mzere wa kumbuyo, anangowapatsira mpango paphewa.

Zitatha, a Telala anapita kutsogolo, n'kuyamba awongola kolala ya mnyamatayo, kenaka n'kumupempha kuti awalembere ndime ija kuseri kwa pepala la zolakwa.

Kuyambira Lolemba lake pakhonde paja zinthu zasintha. Kaseti ikafika pa "kwa", a Telala amaimitsa makina, n'kudina batani la wailesi, n'kuimba okha ndime yosowayo ndi mawu onga chitseko chadzimbiri. Akatha amadinanso, Azipewa n'kupitiriza. Akazi awo akabweretsa tiyi amachita ngati sakumva, koma amachedwa kubwerera.

Lachitatu a Neba anasuzumira pakhonde, manja ali m'chiuno.

"A Telala, zaka makumi atatu mwatigonthetsa m'kutu ndi nyimbo yoduka, ife osadandaula. Koma mawu anuwa ayi. Mayi anadula pabwino."